Waya Umene a Makilomita Anachotsa

M'tauni ya kuchigwa ija, kumene dzuwa limafewetsa phula la pamsewu mpaka nsapato kumamatira, munalibe munthu wosawadziwa a Makilomita. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso choyendetsera. Ili anthu anawapatsa chifukwa ukawalonjera, asanakuuze za m'thupi, ankayamba akuwerengera mitunda imene anayenda. Galaja yawo ya njinga zamoto inali kuseri kwa malo omwetsera mafuta, ndipo anaiyamba okha ndi sipanala imodzi ndi mpando wothyoka mwendo. Tsopano inali ndi zitseko ziwiri zachitsulo, makina opopera matayala, ndi njinga zodikira pamzere mpaka kumsewu.

Pakhoma panali kalendala yaikulu yodzaza ndi zidindo za zala za oyilo. Miyezi ina anaizunguliza ndi cholembera chofiira, ina ndi chabuluu.

"Msewu uli ndi nyengo zake ngati munda," ankatero kwa aliyense wobwera kudzapopetsa tayala. "Miyezi yofiirayi sudutsa chigwa masana, pokhapokha ngati ukufuna kuphika injini ndi ubongo wako mumphika umodzi. Yabuluuyi sukwera phiri. Ine ndayenda mayiko asanu ndi anayi pa matayala awiri. Ndinawoloka chipululu chimene ngamila zake zinkandiyang'ana momvera chisoni. Ndinagona kumalo kumene malovu amauma gwaa asanafike pansi. Taonani zala zanga, zonse khumi zilipo. Chinsinsi chake ndi ichi chili pakhomachi."

Ndiye kalata inabwera pakati penipeni pa mwezi wabuluu.

Inali ya mwana wawo wamkazi woyamba kubadwa, amene anaphunzira za matenda a ziweto koma anali atatha zaka ziwiri ali pakhomo, satifiketi ili m'sutikesi. Bambo ake ankamutcha Dokotala chimalizireni sukulu, ndipo masiku ena dzinalo linkamulasa mumtima. Ofesi ya ziweto ya pamwamba pa phiri, makilomita mazana atatu ndi theka kuchokera kuchigwa, inkafuna munthu mmodzi wobaya ng'ombe katemera m'mafamu. Oitanidwa anali atatu. Aliyense abwere ndi njinga yake yamoto, aisiye mumpanda wa ofesi Lachitatu madzulo. Lachinayi seveni koloko m'mawa ailize yekha, azungulire mafamu atatu ndi bokosi la katemera, abwerere dzuwa lisanafike paliwombo.

A Makilomita anawerenga kawiri, kenaka anatembenukira kukhoma.

"Uwauze asinthe tsiku. Mwezi uno sitikwera phiri."

"Ababa, ng'ombe siziwerenga kalendala yanu."

"Koma a ofesiwo amawerenga. Uwalembere kuti bambo anga, amene anayenda mayiko..."

"Akandiyankha kuti bambo akowo ndiye abwere adzabaye ng'ombe."

Akazi awo anali atangolowa ndi fulasiki ya tiyi. Anaiika pabenchi pakati pa masipanala, nagwira m'chiuno.

"Bambo a ana, zaka makumi atatu mwatidyetsa nkhani za mapiri m'mawa, masana ndi madzulo. Lero phiri labwera lokha pakhomo, mwayamba kuloza khoma?"

Pa tayala lakale pafupi ndi chitseko panakhala alamu awo, mchimwene wa akazi awowo, woyendetsa lole. Munthu ameneyu ntchito yake yeniyeni padziko inali kuseka a Makilomita, kuyendetsa lole kunali kongowonjezera.

"Alamu, musadzivute," anatero akupukusa makiyi pachala. "Lachitatu ndikukwera komweko ndi simenti. Kanjingako tikaponye pamwamba pa matumba, mwanayu akhale kutsogolo ndi amalume ake, inu mutsale muzilondera kalendala isabedwe."

A Makilomita anaimirira, mimba patsogolo.

"Njinga yotuluka m'galaja yanga sikwera lole ngati mbuzi yopita kumsika. Ikafika ndi miyendo yake. Dokotala, ilowetse muno."

Inali njinga yaing'ono yofiira, yazaka zisanu ndi zitatu, imene anaigula itaphwanyika pangozi n'kuiumbanso ndi manja awo. Masiku awiri makasitomala anadikira panja. Tcheni anachitsuka m'parafini, nachikoka mpaka chikamasewera zala ziwiri zokha. Anasintha mabuleki, pulagi yatsopano inalowa, ina yapadera inapita m'thumba. Mitu ya batire anaikwecha mpaka kuwala ngati ndolo. Mawaya onse anawadontheza oyilo, mabawuti onse anawagwira limodzi limodzi. Pomaliza anamanga botolo la oyilo wina kumbuyo, ndipo m'thumba la malaya anaikamo kabokosi ka machesi kamene sanalole munthu kukakhudza.

"Mukatiperekeza pa njinga yanu yaikulu ija?" anafunsa Dokotala.

"Ayi. Ndikhala kumbuyo kwako."

Onse m'galajamo anayang'anizana. A Makilomita kunyamulidwa!

"Mukudabwa chiyani? Injini simveka ndi makutu, imamveka ndi matako. Ndiyenera kuimva njira yonse."

Ananyamuka Lachitatu kum'mawa kukungoyamba kufiira. Chigwa chimenecho ngakhale mwezi wabuluu sichidziwa kuzizira. M'mawa chimakunyengerera ndi kamphepo, koma ikamati teni koloko mpweya umakhala ngati wotuluka m'ng'anjo. Dokotala ankayendetsa mosadzionetsera, ndipo bambo ake ankamukuwira malangizo m'khutu kudzera m'chisoti.

"Usaikakamize! Giya yomaliza, moto theka! Injini imeneyi ilibe madzi oiziziritsa, imadalira mphepo basi!"

"Ndamva, ababa!"

"Dzenje ilo!"

"Ndaliona kalekale!"

Itakwana leveni anamugwira paphewa. Anakhota pa malo omwetsera mafuta a m'tsinde mwa phiri, naimika njinga pamthunzi wa denga. Injini inkalira yokha kuti ti, ti, ti, chitsulo chikupuma. Anakhala pamenepo maola atatu, akumwa madzi ndi kudya buledi, phiri lili chiimire patsogolo pawo, mutu wake uli m'mitambo. Lole ya simenti inawadutsa ikuliza hutala, dzanja la alamu likuvina pawindo.

"Tikanapitirira bwenzi tili pakati pa phiri," anadandaula Dokotala.

"Bwenzi tili pakati pa msewu tikukupiza injini ndi chisoti. Bweretsa sipanala."

Anatsegula bawuti ya pansi, oyilo wakuda wotentha natsikira m'chitini.

"Uyu ndi oyilo wakwathu, wolemera. Kukatentha sasungunuka, ndiye wativutikira mpaka pano. Koma ukamugoneka pamwamba apo, m'mawa umamupeza ali ngati uchi wa m'botolo, kiki yolizira injini osatheka kuiponda. Uyu wa m'botoloyu ndi wopepuka, kuzizira sakuopa. Munthu sulowa mumtsinje ndi jekete, sukwera phiri ndi kabudula. Injini nayonso chimodzimodzi."

Atakwera theka la phiri, njinga inayamba kulemera mawu, kumabwebweta ngati munthu wachimfine. A Makilomita anamwetulira m'chisoti. Ankaidikira nthawi imeneyi. Anaimitsa pambali pa msewu, natulutsa kabokosi ka machesi kaja. Munali kachitsulo kagolide kochepa ngati njere ya mpunga wosapuntha, kobowoka pakati.

"Iyi ndi jeti, khomo lolowera petulo m'kabuleta, momwe amasakanikirana ndi mpweya. Kuno kumwamba mpweya ndi wochepa. Ukasiya khomo lalikulu lakwathu, petulo amachuluka, injini imatsamwa. Kumwamba timaika khomo laling'ono. Zimenezi sindinawerenge m'buku, mwanawe. Anandiphunzitsa ndi msewu, nditakankha njinga makilomita khumi ndi awiri chokwera."

Anagwada, namasula kabuleta pansi, nasintha jetiyo mphindi zosakwana khumi, akuimba kamluzu. Njinga itadzukanso inali ngati yamwa mankhwala. Inakwera mokhotakhota monse ikuseka.

Kenaka kuzizira kunawapeza. Kunayambira kunsonga za zala, kukwera m'mikono, kukhazikika m'mano. A Makilomita anatulutsa nyuzipepala zakale, wina aliyense nazipanikiza pachifuwa mkati mwa jekete, ndipo mapazi anawaveka timatumba ta pulasitiki mkati mwa nsapato. Anafika pa ofesi ya ziweto dzuwa likulowa m'nkhungu. Mlonda wa chijasi chofika m'mawondo analemba nambala ya njinga, naiimika pabwalo pambali pa zina ziwiri, nakhoma geti. Bwalolo linalibe denga.

A Makilomita anaisisita njingayo ndi maso kudzera pawaya wa mpanda.

"Ndaichita zonse," anatero. "Palibe chimene ndasiya. Aitane makaniko aliyense padziko lapansi adzandiuze chimene ndasiya."

M'mawa mwake udzu wonse unali woyera ngati wathiridwa mchere. Dokotala anachoka kunyumba ya alendo sikisi itangopitirira kuti akalembe mafomu. Bambo ake anatsala pakhonde ndi alamu, aliyense atakumbatira kapu ya tiyi, utsi ukutuluka m'kamwa ngati anthu osuta. A Makilomita anali pakati pofotokoza za chisanu china chimene chinaposa ichi kasanu, pamene bambo wogulitsa mkaka anatuluka m'nyumba ya kutsidya kwa msewu. Anamangirira zigubu panjinga yake, nakwera. Asanaponde kiki, chala chake chachikulu chinakoka kachitsulo kakang'ono pa chiwongolero chakumanzere. Anaponda kamodzi, njinga n'kulira.

Kapu ya a Makilomita inaima pakati pa njira.

Tchoki.

Kachitsulo kameneko kamakoka waya, wayawo n'kutseka kachitseko ka mpweya m'kabuleta kuti injini yozizira imwe petulo wambiri ndi kudzuka. Kumalo ozizira, njinga yopanda tchoki m'mawa ndi mwala. Koma kuchigwa palibe amene amaifuna. Kumeneko tchoki ndi mdani. Kasitomala amaikoka mwangozi, kuiwala, kuyenda nayo tsiku lonse, pulagi n'kuda bii, petulo n'kutha, mawa lake n'kubwera kudzatukwana makaniko. Tsono amakaniko onse a m'tauni ija anali ndi chizolowezi chimodzi: njinga ikangolowa m'galaja koyamba, amasolola waya wa tchoki, kuchotsa kachitsulo ka pachiwongolero, ndi kumanga kachitseko kaja kuti kakhale kotsegula mpaka kalekale. Amene anayambitsa nzeru imeneyi, n'kumaiphunzitsa monyadira kwa anzake, anali a Makilomita. Panjinga yofiira anachita zimenezi zaka zisanu zapitazo. Dzulo lomweli anagwada pamaso pa kabuleta yomweyo akusintha jeti, waya womangirawo uli pamphuno pawo, koma maso anali atauzolowera ngati chipsera cha pankhope ya mkazi wako. Ndipo jeti yaing'ono ija, yabwino pokwera, m'mawa wozizira ikanaimana injini petulo koposa.

"Alamu, mwatani? Tiyi wakupserezani?"

"Nthawi ili bwanji?"

"Kwatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti ikwane seveni."

Anthu a m'tauni ya paphiri ija mpaka lero amakamba za bambo wonenepa amene anathamanga chokwera msewu wa ku ofesi ya ziweto, nyuzipepala zikuthothoka m'jekete, timatumba ta pulasitiki tikulira m'nsapato, wina wamakiyi akumutsatira m'mbuyo akufunsa kuti kwagwanji. Mpweya wa kumwamba suthandiza munthu wothamanga. Anafika pageti maso ali psuu, nagwira waya wa mpanda ndi manja onse awiri.

"Dokotala! Dokotala, tabwera!"

Pabwalo panali anthu atatu oyesedwa aja, aliyense pambali pa njinga yake, ndi mayi wina wamfupi wovala majombo, wezulo ili m'khosi, faelo ili m'manja. Ameneyu ndiye anali mkulu wa ofesiyo.

"Bambo, ndinu ndani?"

"Ndine bambo ake, abwana. Ndinenso makaniko wake."

"Kuno makaniko amathera pageti. Kumafamu uko akakhala yekha ndi ng'ombe." Anayang'ana wotchi. "Kwatsala mphindi zitatu. Lankhulani muli pomwepo. Ndikangoimba wezulo, pakamwa mutseke. Liwu limodzi lokha, mwana wanu watuluka."

Dokotala anafika pampanda, nkhope ili ndi mafunso.

"Mwana wanga, njinga yako ilibe tchoki."

"Ilibe chiyani?"

"Tchoki! Chodzutsira injini kukazizira. Ndinachotsa ine."

Alamu anali atangofika, akupuma ngati lole yawo yomwe. Anaika dzanja kukhutu.

"Pepani alamu, mphepo yandisokoneza. Mwati anachotsa ndani?"

"Ndati ine! Ine, ndi manja angawa! Mwakhuta? Tsono khalani chete. Dokotala, tchera khutu. Kumanzere kwa kabuleta kuli kamkono kakang'ono komangidwa ndi waya. Dula wayawo, chodulira chili m'thumba la pansi pa mpando. Kamkonoko ukakankhire m'mwamba, ukagwire. Kiyi usatsegule, ponda kiki katatu kuti petulo alowe. Ukatero tsegula kiyi, ponda mwamphamvu. Moto usaukhudze ngakhale pang'ono. Ikalira usathamange, uilekerere itenthe, kamkono uzikabweza pang'onopang'ono."

"Ndikagwire ndi dzanja liti, ababa? Kamkono kali pansi kumanzere, kiki ili kumanja."

A Makilomita anatsegula pakamwa. Wezulo inalira.

Chibadwire, munthu ameneyu anali asanakhalepo chete mphindi zisanu zotsatizana ali maso. Anadziluma mlomo, zala zikulowa m'mabowo a waya.

Woyamba kuyesa anali bambo wandevu wa njinga yatsopano yonyezimira, yolizira pabatani. Anadina. Njinga inati nye, nye, nye, kenaka nyee, kenaka chete. Chisanu chinali chitaiyamwa batire usiku wonse. Anayamba kuponda kiki mokwiya, akupotokola moto mpaka fungo la petulo linafika kugeti. Wachiwiri, mnyamata wamtali wa jekete lachikopa, anakoka tchoki yake, naponda kamodzi. Njinga inalira. Anaikwezera moto nthawi yomweyo mpaka injini kukuwa ngati nkhumba, namangirira bokosi, natuluka pageti utsi uli m'mbuyo. A Makilomita anatsinzina ngati awaponda chala.

Dokotala anali atagwada paudzu wozizira. Chodulira waya chinamupulumuka kawiri, zala zitakana kupinda. Anazilowetsa m'khwapa, nawerenga chamumtima, nayesanso. Wayawo unali wopotedwa bwino zedi, mapotedwe a munthu wonyadira ntchito yake, ndipo bambo ake kwa nthawi yoyamba anadana ndi luso lawo lomwe. Kachitatu unaduka. Anakankhira kamkono m'mwamba. Atangochotsa chala, kanabwerera pansi kokha. Anakwera panjinga, nawerama kuti akagwire ndi dzanja lamanzere uku phazi lamanja likufuna kiki. Njinga inapendekeka, pang'ono kumugwera. Anaigwira ndi bondo.

"Mayo ine," ananong'ona alamu. Kuseka kunali kutawathera.

Abwana anayang'ana wotchi, nalemba kanthu m'faelo.

Dokotala anatsika. Anaima, manja m'chiuno ngati mayi ake, akuyang'ana kabuleta. Kenaka anavula chisoti, nasolola lasitiki yomangira tsitsi, tsitsi lonse n'kumwazika. Mbali imodzi anaikola pa kamkono kaja, ina anaikokera m'mwamba n'kuikola pa kampopi ka petulo pansi pa thanki. Kamkono kanakhala m'mwamba, osagwedezeka.

A Makilomita anagwira mkono wa alamu, naufinya mpaka mwini wake kudumpha.

Dokotala anakwera. Anaponda kamodzi, kawiri, katatu, kiyi ali wotseka, ndipo kiki inkatsika mofewa chifukwa cha oyilo wopepuka uja. Anatsegula kiyi. Anaponda. Injini inakhosomola n'kukhala chete. Anapondanso. Inakhosomola kawiri. Anaimirira pachopondera, nakoka mpweya, nadzigwetsa ndi thupi lonse.

Inalira. Inayamba monjenjemera ngati nkhalamba yodzutsidwa kutulo, kenaka mawu anakhazikika, du du du du, utsi woyera ukutuluka kumbuyo.

"Hiyaaa!" anakuwa a Makilomita pageti.

Abwana anatembenukira kugeti, nsidze zili m'mwamba.

"Sanalankhule, abwana," anafulumira alamu. "Ndi chifuwa. Munthuyu ndi wa kuchigwa."

Dokotala sanathamange. Anakhala pomwepo, chikhatho chili pafupi ndi injini, akumvetsera. Patapita kanthawi anasuntha lasitiki kuti kamkono katsike theka. Anadikiranso. Mphindi zisanu zathunthu zinatha, mnzake uja atapita kalekale, iye akuotha manja pa injini ngati alibe kopita. Kenaka anachotsa lasitikiyo, namanga tsitsi, navala chisoti, nayesa zingwe za bokosi la katemera. Podutsa pageti sanayang'ane bambo ake. Anangokweza zala ziwiri pachiwongolero, nalowa m'nkhungu.

Maola anayi amenewo a Makilomita anawayenda wapansi, kuchoka pageti kufika pamtengo wa magetsi ndi kubwerera. Bambo wandevu anatuluka cha m'ma naini akukankha njinga yake yonyezimira, osapatsa moni munthu. Nkhungu inayamba kunyamuka, mapiri naonekera ndi timisewu tawo tofiira tokwera mpaka kumitambo. Mlonda anawalozera famu yachitatu, kadontho koyera pamwamba penipeni.

"Kumeneko ndiye kumathera ambiri," anatero. "Njinga zimafika pakati n'kukana."

Leveni itadutsa pang'ono, a Makilomita anaima chilili, natseka maso, nakweza chala.

"Ndi yanga iyo."

"Ine sindikumva kanthu," anatero alamu.

"Mungamve bwanji, makutu anagontha ndi simenti? Ndi yanga! Mverani mavavu a injini amenewo, ndinatchera ndekha!"

Njinga yofiira inatulukira pakona, matope mpaka pathanki. Inanyamula anthu awiri. Kumbuyo kwa Dokotala kunakhala mnyamata wa jekete lachikopa uja, atakumbatira bokosi lake, nkhope ili pansi. Njinga yake inali itatsamwa petulo pa chitunda cha famu yachitatu, pulagi itada ngati khala. Dokotala anamudutsa pokwera, namulonjeza kuti amutenga pobwerera, ndipo anasunga mawu ake.

Abwana analandira mapepala, naona masiginecha atatu a eni mafamu. Anatsegula bokosi, nawerenga timabotolo, nagwira madzi oundana a m'mbali mwake. Palibe chinasweka, palibe chinafunda. Anatseka faelo.

"Lolemba, seveni koloko. Nyumba yanu ndi yachitatu kuseri kwa khola la ana a ng'ombe, makiyi mutenge kwa alonda." Kenaka anakweza mawu kuti afike kugeti. "Ndipo a makaniko, tchoki ija ibwerere pamalo pake. Sindikufuna wantchito wanga azidzutsa njinga ndi zomangira tsitsi."

"Lero lomwe, abwana! Dzuwa lisanalowe! Waya watsopano, wa mtengo wapatali!"

Mlonda anatsegula geti, a Makilomita nalowa ngati madzi osefukira. Anamunyamula Dokotala m'mwamba ndi chisoti chake chomwe, namutsitsa, napsompsona thanki ya njinga, matope ndi onse. Anagwira chanza abwana, mlonda, ngakhale mnyamata wa jekete lachikopa, amene anamulonjeza jeti yaulere ndi phunziro la ola limodzi.

"Mwaona? Mwaona anthu inu? Njinga yazaka zisanu ndi zitatu! Anthu awiri, mabokosi awiri, phiri lonse lija! Oyilo ndi wanga, jeti ndi yanga, mwana ndi wanga!"

"Nanga tchoki ndi ya ndani?" anafunsa alamu.

"Tchokiyo ndinachotsa dala. Ndinkafuna ndione ngati mwanayu ali ndi mutu."

"Ababa!"

"Ndipo ali nawo! Lasitiki! Ine amene ndikanaganiza zomwezo, kungoti ndilibe tsitsi."

Anatulutsa foni, naimbira kunyumba, akufuula ngati mawuwo ayenera kutsika phiri okha.

"Mayi a ana! Tsegulani mawindo onse anthu amve! Mwana wanu walembedwa ntchito! Ee, wayamba Lolemba, ndi nyumba yomwe! Satifiketi ija itulutseni m'sutikesi, tikaiika m'felemu!"

Kufoniko kunamveka nthungululu yaitali. Itatha, akazi awo anafunsa: "Nanga njinga sinavute?"

Alamu anatambasula dzanja. "Tandipatsani ndimulonjere mlongo wanga."

A Makilomita anabisa foni kumsana, nayamba kubwerera chafutambuyo kulowera kugeti.

"Halo? Halo? Mayi a ana, kuno kuphiri mafoni amavuta! Dokotala, tenga makiyi a nyumba yako kwa alonda, ine ndikukasaka waya!"